Tinasiyana mu 1992: kodi moyo watifikitsa pati?

Woliza belu

Anzanga nonse amene tinalembera limodzi mayeso omaliza a sekondale mu 1992, landirani moni wanga. Sabata yatha, pamene ndinkasanthula m'sutikesi yakale kufunafuna mapepala oti ndiyambire kulondola za penshoni, ndinapeza chithunzi chija tinajambulitsa kutsogolo kwa kalasi yathu kutatsala masiku ochepa kuti mayeso ayambe. Chithunzicho chafwifwa ndipo ngodya imodzi inadyedwa ndi njenjete, koma nkhope zonse 44 zikuoneka bwino. Usiku womwewo ndinatenga kope ndi cholembera kuti ndilembe dzina la aliyense motsatira mizere. Nkhope 39 ndinazizindikira nthawi yomweyo, mpaka ena ndinakumbukira ndi kasekedwe kawo komwe, koma mayina amene ndinatha kulemba anali 25 okha. Zimenezi zinandiwawa mumtima, chifukwa awa ndi anthu amene ndinkawalizira belu m'mawa uliwonse kwa zaka ziwiri.

N'chifukwa chake ndikupempha kuti aliyense atiuze kumene moyo wamufikitsa. Popeza mayina a ena anasintha pokwatiwa, ndipo ena tinkawadziwa ndi mayina ongowapatsa, aliyense ayambe ndi kutikumbutsa pamene ankakhala m'kalasi kapena ntchito imene ankagwira pasukulu. Ineyo ndaphunzitsa masamu kwa zaka 28 m'sukulu zitatu. Ndinakwatira mu 1999, tili ndi ana anayi ndi mdzukulu mmodzi, ndipo masiku ano sindingathe kuitana mayina a ophunzira m'kaundula popanda magalasi.

Wa desiki yakutsogolo, pafupi ndi zenera

Aphunzitsi, mwachita bwino kwambiri. Belu lanu ndikulikumbukira, chogwirira chake chinali chong'aluka ndipo munachimanga ndi waya. Ine ndinapita kusukulu ya unamwino, ndipo ndakhala namwino kuyambira mu 1997. Za magalasizo musadandaule nazo, chifukwa ndi zathu tonse: munthu akadutsa zaka 40, kagalasi ka m'kati mwa diso kamayamba kulimba n'kumakanika kupindika kuti kaone zapafupi, n'chifukwa chake ambirife tayamba kutalikitsa pepala tikamawerenga.

Chimene chimandidetsa nkhawa pa msinkhu wathu uno ndi kuthamanga kwa magazi, chifukwa sikupweteka mpaka kutawononga kale. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti pafupifupi theka la akuluakulu amene ali ndi vutoli sadziwa kuti ali nalo. Makina akamaonetsa 140 pa 90 kapena kuposerapo pa masiku osiyanasiyana, munthu ayenera kuonana ndi dokotala. Ndikunena zimenezi osati monga namwino chabe. Amuna anga ankamwa mankhwala a vutoli modumphadumpha, ndipo mliri wa Covid-19 utawapeza mu 2021, thupi lawo linalibe mphamvu zolimbanirana nawo. Anamwalira m'chipatala chomwe ndimagwiramo ntchito, m'chipinda chimene ine sindinkaloledwa kulowamo ngati mkazi wawo. Ndatsala ndi ana awiri, onse ndi akuluakulu, ndipo ndikupitirizabe ntchito.

Wosunga laibulale

Achemwali, pepani kwambiri ndi imfa ya bambo a kunyumba. Uthengawo sunandipeze, ndipo zimenezi zokha zikuonetsa mmene tinamwazikira.

Ine ndine uja ndinkasunga kiyi wa laibulale, ndipo mabuku sanandisiyebe, chifukwa mpaka lero ndimagwira ntchito m'laibulale ya payunivesite. Aphunzitsi, zimene zakuchitikirani ndi chithunzicho zinafufuzidwa kale, ndipo mwina mtima wanu ukhala pansi mukamva zotsatira zake. Mu 1975, katswiri wa kaganizidwe ka anthu Harry Bahrick ndi anzake awiri ku America anasindikiza kafukufuku amene anachita pa anthu 392 omwe anamaliza sekondale pa nthawi zosiyanasiyana, ena milungu iwiri yokha m'mbuyomo, ena zaka 57 zapitazo. Anagwiritsa ntchito mabuku a zithunzi amene sukulu za kumeneko zimatulutsa chaka ndi chaka. Iwo anapeza kuti munthu ukamuonetsa nkhope kapena mayina kuti aloze a anzake a m'kalasi, amalondola pafupifupi 90 pa 100 aliwonse ngakhale patadutsa zaka 15, ndipo kuzindikira nkhope kumakhalabe kolimba kwa zaka zoposa 30. Koma ukamuuza kuti atchule yekha mayinawo popanda chomukumbutsa, ambiri amamuthawa. Tanthauzo lake n'lakuti mayina 19 akusowawo sanafufutike m'mutu mwanu, akungodikira munthu woti awatchule, ndipo mukadzawamva mudzawavomera nthawi yomweyo.

Tisaiwalenso mmene dziko linalili pamene tinkasiyana. Uthenga woyamba wolembedwa wopita pa foni ya m'manja unatumizidwa ku Britain mu December chaka chomwecho cha 1992, Facebook inayamba mu 2004, ndipo WhatsApp inabwera mu 2009. Ife tinasiyana titalemberana makeyala a positi kumapeto kwa makope, ndipo ambiri mwa makeyalawo anali a kuntchito kwa makolo athu. Bambo akangopuma pantchito kapena kusamutsidwa, mwana wawo ankasowa ngati walowa pansi.

Woyang'anira kalasi

Ndasangalala kwambiri kumva kuchokera kwa inu nonse. Ine ndinaphunzira zowerengera ndalama, ndinagwira ntchito m'makampani awiri, ndipo kuyambira mu 2011 ndili ndi ofesi yangayanga yokhala ndi antchito asanu ndi anayi. Ana anga atatu onse anafika kuyunivesite, ndipo wamkulu akuphunzira udokotala kunja. Maganizo anga ndi akuti tisathere pa kulemberana. Tisankhe tsiku, tibwereke holo ya pahotela, aliyense asonkhe ndalama yofanana, ndipo tidzabwere ndi mabanja athu kuti ana athu adziwane. Za makonzedwe ake ndikhoza kuzisenza ineyo, monga ndinkachitira kale.

Goloboyi wa timu ya sukulu

Achimwene oyang'anira kalasi, maganizo anu ndi abwino, koma ndiloleni ndilankhule zimene ndakhala ndikuzibisa. Ndawerenga mauthenga onsewa kwa masiku atatu, ndikulemba n'kumafufuta, chifukwa aliyense amene walankhula ali ndi satifiketi ndi dzina la ntchito, pamene ine mayeso aja sindinakhoze. Tsiku limene zotsatira zinatuluka ndinayang'ana mndandanda katatu konse, ndipo kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kuzemba aliyense wa inu. Mmodzi wa inu ndinamuona padepoti ya basi cha m'ma 2005, ndipo ndinabisala kuseri kwa galimoto kuti asandione ndi ovolosi yamafuta.

Ndinaphunzira umakaniko m'manja mwa bambo wina wachikulire amene sankadziwa kulemba bwino koma ankadziwa vuto la injini pongoimvera kulira kwake. Kenako ndinalembedwa ntchito pakampani ina yonyamula katundu, kumene ndinakhala zaka 14. Kampaniyo inatseka mwadzidzidzi, ndipo tinangopeza loko pageti m'mawa wina popanda kulandira malipiro a miyezi itatu. Zaka ziwiri zotsatira ndinamwa mowa kwambiri, mkazi wanga anachoka ndi ana, ndipo sindimuimba mlandu pa zimenezo. Tsopano patha zaka zisanu ndi ziwiri ndisanalaweko. Ndili ndi kagalaja ka shedi ya malata, anyamata atatu akuphunzira ntchito m'manja mwanga, ndipo mwana wanga wamkazi anayambiranso kundiyendera. Ndalama yosonkha ya kuhotela mwina ndikhoza kuipeza, koma ndikudziwa kuti alipo anzathu ena amene akuwerenga mwakachetechete ngati mmene ndinkachitira ine, omwe sangaipeze, ndipo amenewo sadzanena kuti alibe, adzangoti atanganidwa.

Wa desiki yakutsogolo, pafupi ndi zenera

Achimwene, zaka zisanu ndi ziwiri zimenezo ine ndikuzidziwa kulemera kwake, chifukwa kuntchito ndimaona anthu ambiri amene amalephera kufika ngakhale miyezi isanu ndi iwiri. Ndikukumbukiranso tsiku lija munagwira penate chala chanu chachiwiri chitathyoka, ndipo munakana kutuluka m'bwalo. Musadzabisalenso kuseri kwa galimoto mukationa.

Amene ndinachoka tili Fomu 3

Sindikudziwa ngati ndili ndi malo pano, chifukwa pachithunzi chimene aphunzitsi anenacho ine palibe. Ndinachoka pakati pa teremu yachiwiri ya Fomu 3 nditatenga pathupi. Ndinanyamula sutikesi yanga nthawi ya maphunziro a madzulo kuti pasapezeke wondiona, ndipo sindinatsanzike aliyense, ngakhale mnzanga amene tinkakhala desiki imodzi. Kwa zaka zambiri ndikamva belu la sukulu iliyonse, mtima unkandigunda ngati ndachedwa.

Ndinalera mwanayo ndi makina osokera a amayi anga. Iye atafika Fomu 3, tsiku lina anandibweretsera funso la sayansi, ndipo ndinadabwa kuona kuti ndikukumbukirabe yankho lake. Chaka chotsatira ndinalembetsa sukulu ya madzulo ndili ndi zaka 34, ndipo ndinkakhala pakati pa ana amene ankanditchula kuti amayi. Ndinalemba mayeso kawiri, chifukwa ulendo woyamba masamu anandigwetsa, ndipo ndinapeza satifiketi mu 2011. Sindinasiye kusoka, koma tsopano ndimaphunzitsanso ntchitoyi kwa atsikana amene anasiyira sukulu panjira, ndipo aliyense wobwera kwa ine ndimayamba ndamufunsa kalasi imene analekezera. Mwana uja tsopano ndi mphunzitsi wa pulayimale, ndipo wandipatsa zidzukulu ziwiri.

Woliza belu

Achemwali, malo anu alipo, ndipo ndi ine amene ndalakwa poyambira pa chithunzi ngati kuti kalasi yathu inali ya okhawo amene anafika kumapeto. Tinayamba Fomu 1 tili oposa 50. Ndatsegula tsamba lina m'kope muja la onse amene anachoka panjira, ndipo dzina lanu ndi limene ndayamba kulemba. Ndikanakonda mukanandipeza pa nthawi ya masamu ija, chifukwa ndikanakuthandizani ndi mtima wonse.

Pali nkhani inanso imene ndinaizengereza poyamba. Mwa anthu 39 amene ndawazindikira, asanu ndi awiri ndikudziwa motsimikiza kuti anatisiya. Ndaika kamtanda pafupi ndi mayina awo.

Wa desiki yakutsogolo, pafupi ndi zenera

Anayi mwa asanu ndi awiriwo anamwalira asanakwanitse zaka 30, ndipo mmodzi ndinamudwazika ndi manja angawa pamene ndinali nditangoyamba ntchito. Tinalowa m'ukulu pa nthawi imene Edzi inkatenga achinyamata ambiri. Mankhwala ophatikiza amene anasintha matendawa kukhala oti munthu n'kukhala nawo zaka zambiri anadziwika mu 1996, koma anali okwera mtengo kwambiri, ndipo m'mayiko osauka anayamba kufikira anthu wamba patadutsa zaka zingapo, makamaka thumba la Global Fund litakhazikitsidwa mu 2002. Anzathu ena anagwera m'mpata umenewo, mankhwala alipo kale padziko koma asanafike pa bedi lawo. Mnzathu amene ndikunenayu ankandifunsa za inu mmodzimmodzi, ndipo tsiku lina anandipempha kuti ndimuimbire nyimbo imene tinkaimba pamzere m'mawa, koma mawu ake ena anandithawa ndipo anandikumbutsa ndi iyeyo. Sinditchula dzina lake limodzi ndi matendawo, chifukwa ana ake ali moyo ndipo nkhaniyo ndi yawo. Ngati tidzakumane, ndikupempha kuti tidzayambe ndi kuwerenga mayina asanu ndi awiriwo, ndiponso tifufuze kumene kuli ana awo.

Wa desiki yakumbuyo, pafupi ndi chitseko

Ndakhala ndikuganiza ngati ndilembe kapena ndingokhala chete monga ndinkachitira m'kalasi. Ambiri simukumbukira dzina langa lenileni, chifukwa munkanditchula ndi dzina lonyoza chibwibwi changa. Sindikufuna kusokoneza chisangalalo chanu, koma popeza tapemphedwa kunena kumene moyo watifikitsa, ndiyenera kunenanso kumene unandichotsa. Kwa ine zaka zinayi zija sizinali zokoma. Mphunzitsi akandiloza kuti ndiwerenge, ndinkamva kuseka kukuyambira kutsogolo n'kumabwera mzere ndi mzere mpaka pamene ndinakhala, ndipo ndinaphunzira kunena kuti sindikudziwa yankho ngakhale ndikulidziwa, chifukwa mawu amenewo anali afupi. Dzina lija linalembedwa ndi choko pa bolodi tsiku lina m'mawa, ndipo linakhalapo mpaka nthawi yopuma.

Moyo wanga sunaipe. Ndimagwira ntchito yoyeza madzi akumwa m'labotale, ndili pabanja zaka 22, ndipo tili ndi ana awiri. Chibwibwi chilipobe, koma sindichita nacho manyazi, ndipo kuntchito ndikamafotokoza zotsatira anthu amadikira mpaka ndimalize. Mwana wanga wamwamuna anayambanso chibwibwi ali ndi zaka zinayi, ndipo tsiku loyamba kupita naye kusukulu ndinakhala panja pageti ola lathunthu ndikulephera kuchoka. Za kukumanako sindinaganize bwino. Ndikufuna kuona ena mwa inu, koma sindikudziwa ngati ndingakhale m'chipinda chimodzi ndi kuseka kuja.

Wosunga laibulale

Achimwene, dzina lanu lenileni ndikulikumbukira, chifukwa ndinu amene munkabwereka mabuku ambiri kuposa aliyense, ndipo ndinkalilemba m'kaundula pafupifupi sabata iliyonse. Koma ndikuvomera kuti kunja kwa laibulale nanenso ndinkakutchulani ndi dzina linalo, ndipo sindinakuikireni kumbuyo ngakhale tsiku limodzi. Chibwibwi chimapezeka mwa munthu wamkulu mmodzi pa 100 aliwonse, makamaka amuna, chimayenda m'magazi m'mabanja ambiri, ndipo sichikhudzana ndi nzeru za munthu. Zimenezi ndinazidziwa mochedwa, koma ngakhale pa nthawi ija sindinkafunikira buku kuti ndidziwe kuti zimene tinkachita zinali nkhanza.

Woyang'anira kalasi

Ndakhala usiku wonse osagona nditawerenga uthenga wa achimwene a desiki yakumbuyo. Amene analemba dzina lija pa bolodi ndine. Ndinkasunga choko ndi chofufutira, ndipo m'malo mofufuta ndinalemba, chifukwa ndinkafuna kuti anzanga aseke ndi kundiona ngati wochenjera. Zaka zonsezi nkhaniyo ndinaiiwala, ndipo zandichititsa mantha kuona kuti chinthu chimene ine ndinachitaya tsiku lomwelo, inu mwachisenza zaka zoposa 30. Sindinena kuti tinali ana, chifukwa inunso munali mwana. Ndinakulakwirani, ndipo ndikupempha kuti mundikhululukire, koma sindikukukakamizani kuyankha lero kapena pamaso pa anthu onsewa.

Nanenso sindinanene zonse mu uthenga wanga woyamba. Ndinalemba za ofesi ndi za ana chifukwa ndi zimene ndinazolowera kuonetsa. Sindinanene kuti ukwati wanga unatha mu 2018, kuti ndimakhala ndekha m'nyumba ya zipinda zinayi, ndiponso kuti chaka chatha nditagonekedwa m'chipatala ndi matenda a shuga, amene anabwera kudzandiona anali antchito anga okha. Maganizo a kuhotela aja ndawabweza. Achimwene a galaja ananena zoona.

Wa desiki yakumbuyo, pafupi ndi chitseko

Ndinkadziwa kuti munali inu, chifukwa zilembo zanu tinkaziona pa bolodi tsiku lililonse. Sindinkayembekezera kuti mudzavomera. Ndalandira kupepesa kwanu, ngakhale kuti mtima sutembenuka tsiku limodzi. Ndikufuna tiyambe talankhulana awiri pafoni, ndipo mudzafunika kudekha, chifukwa ndimatenga nthawi kuti ndimalize chiganizo.

Wosunga laibulale

Zimene anena oyang'anira kalasi zokhudza kuchipatala zandikumbutsa kafukufuku wina wa nthawi yaitali amene anayamba ku yunivesite ya Harvard mu 1938. Ofufuzawo anatsatira moyo wa amuna 724, ena ophunzira a payunivesitepo ndipo ena anyamata a m'madera osauka a mumzinda wa Boston, kuyambira pa unyamata mpaka ku ukalamba. Robert Waldinger, amene akutsogolera kafukufukuyu masiku ano, amafotokoza kuti atayang'ana anthuwo ali ndi zaka 50, chimene chinalosera bwino za thanzi lawo pa zaka 80 sichinali kuchuluka kwa mafuta m'magazi, koma mmene ankakhutirira ndi ubale wawo ndi anthu ena. Ifeyo tili pa msinkhu womwewo wa zaka za m'ma 50. Achimwene, mukadzapitanso kukayezetsa shuga mudzandiuze tsiku, ndidzakuperekezani.

Goloboyi wa timu ya sukulu

Ngati nkhani ndi malo okumanirana, kuseri kwa galaja yanga kuli bwalo lalikulu la mthunzi, ndipo mabenchi ndikhoza kubwereka. Palibe adzalipire pakhomo. Amene ali ndi galimoto adzatenge anzawo a m'njira, ndipo amene ali kutali kwambiri tidzalankhula nawo pafoni tsiku lomwelo. Ndikupempha chinthu chimodzi chokha, kuti pamalopo pasadzabwere mowa.

Woliza belu

Pempho limenelo ndalilemba, ndipo sindikuona amene angalikane. Kuchokera pamene tinayamba kukambirana, mayina m'kope muja akwera kuchoka pa 25 kufika pa 36, ndipo monga ananenera osunga laibulale, lililonse limene mwanditumizira ndalivomera ndisanamalize n'kuliwerenga komwe. Nkhope zisanu zija zimene sindinazizindikire zatsala ziwiri. Imodzi ndi ya mnyamata wamtali amene waima kumapeto kwa mzere wakumbuyo, theka la nkhope yake lili pamene njenjete zinadya. Inayo ndi ya mtsikana wachiwiri kuchokera kumanzere mumzere wapakati, amene waika dzanja pachipumi kutchinga dzuwa, ndipo pamkono pake pali kansalu koyera ngati anavulala. Amene akumudziwa andithandize.

Amene ndinachoka tili Fomu 3

Aphunzitsi, ameneyo ndi mnzanga wa desiki imodzi uja ndinamusiya osatsanzika. Kansaluko sikanali ka bala, ankamangira wotchi ya malemu bambo ake imene lamba wake anaduka, ndipo sankaivula ngakhale pochapa. Dzina lake ndakutumizirani panokha. Iyeyo sindinamuonenso chichokereni, koma mng'ono wake anabwera kudzasoketsa diresi kwa ine zaka zitatu zapitazo, ndipo ndinachita manyazi kumufunsa za mkulu wake. Nambala yake ndinailemba m'buku la miyeso ya makasitomala, ndipo bukulo ndalipeza. Ndimuimbira mawa m'mawa ndisanatsegule shopu.